Ma chromosome 8 ndi 14 pa khansa ya Burkitt

Pa maphunziro a khansa za m'magazi, yomwe yandigwira mtima kwambiri ndi ya Burkitt. Ku Ulaya imapezeka mwa apo ndi apo, koma kuno kwathu ndi imodzi mwa khansa zomwe zimagwira ana kawirikawiri. Mwana amatupa nsagwada kapena mimba, ndipo chotupacho chingathe kuwirikiza kukula kwake m'tsiku limodzi kapena awiri okha. Dokotala wa opaleshoni Denis Burkitt ndiye anafotokoza za matendawa mu 1958 ali ku Uganda.

Vuto limayambira mu selo imodzi ya B, selo ya m'magazi yomwe ntchito yake ndi kupanga ma antibody, zida zomwe thupi limalimbana nazo ndi tizilombo toyambitsa matenda. Mu selo muli ma chromosome, timaulusi ta DNA tosunga malangizo a chibadwa, ndipo amadziwika ndi manambala. Kachidutswa ka chromosome 8 kamaduka n'kukamatirira pa chromosome 14, ka 14 n'kubwera pa 8. Pa kachidutswa kochokera pa 8 pamakhala jini (kagawo ka DNA kokhala ndi malangizo a ntchito inayake) yotchedwa MYC, yomwe imalamula selo kuti igawikane. Tsoka lake, malo omwe yafikira pa 14 ndi a jini ya antibody, malo omwe mu selo ya B sapuma usana ndi usiku. Ndiye MYC imangoyaka ngati nyale yothyoka switchi, selo n'kumangoswana osaleka. Odwala pafupifupi 80 mwa 100 alionse ali ndi kusinthana kumeneku. Mwa ena, chromosome 8 imasinthana ndi 2 kapena 22.

Nanga bwanji imachuluka kumadera a malungo? Kachilombo ka Epstein-Barr, komwe kanapezeka mu 1964 m'maselo a chotupa cha Burkitt, kamalowa mwa ana ambiri akadali aang'ono. Malungo obwerezabwereza nawo amachulukitsa maselo a B ndi kudzutsa enzyme (puloteni yogwira ntchito inayake mu selo) yotchedwa AID, yomwe imasintha DNA pokonza ma antibody. AID ikalakwitsa malo, ma chromosome amaduka n'kulumikizika molakwika.

Apa ndi pomwe ndinaima kaye. Kusinthana kumeneku mwana sabadwa nako, ndipo sikuchokera kwa bambo kapena mayi. Zimandipweteka ndikaganiza za mayi yemwe akunenedwa kuti ndi wa mtundu woipa, kapena banja lomwe likulozana zala za ufiti, pomwe zonse zinachitikira mu selo imodzi ya mwana yemwe wadwala malungo kangapo.

Kufulumira kwa khansayi n'komwenso kumachititsa kuti imve mankhwala msanga, chifukwa mankhwala a khansa amagwira kwambiri maselo omwe akugawikana. Ana ambiri akalandira mankhwala otchedwa cyclophosphamide, chotupa chimayamba kuphwa m'masiku ochepa, ndipo chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chakhala chikuthandiza ana otere kwa zaka zambiri.