Lachiwiri pa London Bridge

Lero sindinapite ku ntchito, ndiye ndinati ndikacheze ndi asisi ena a ku Zomba amene ndi namwino ku Guy's Hospital. Tinakumana pa Borough Market n'kugula khofi. Mtengo wake musandifunse, kwathu ndi ndiwo za masiku awiri.

Tikuyenda, asisi anangoima n'kuloza msewu. "Mukudziwa kuti Kirsty Boden anafera chapomwe pano? Anali namwino wa chipatala chathu." Nkhani ya pa 3 June 2017 ndinkaidziwa mwapatalipatali: zigawenga zitatu zinagunda anthu ndi galimoto pa mlatho, kenako n'kuyamba kubaya aliyense ndi mipeni, ndipo anthu 8 anaphedwa. Kirsty, mtsikana wa ku Australia wa zaka 28, atamva phokoso anathamangira komweko kuti akathandize ovulala. Anam'baya ali pa ntchito imeneyo. Boma la Britain linam'patsa ulemu wa Queen's Commendation for Bravery iye ali kale kumanda.

Koma amene wandikhala pamtima tsiku lonse ndi Ignacio Echeverría wa ku Spain. Ankachokera kosewera ndi anzake, ali pa njinga. Ataona munthu akubayidwa, anatsika n'kuyamba kukwapula zigawengazo ndi skateboard yake. Kathabwa ka matayala kulimbana ndi mipeni! Sanapulumuke. George Medal yake anakalandira ndi makolo ake kwa Mfumukazi Elizabeth mu 2018. Ndayesa kuganiza mmene mayi wakeyo anaigwirira mendulo ija, koma mutu wanga ukukana.

Mendulo imeneyi anaiyambitsa Mfumu George VI mu 1940, mabomba a Germany akugwa pa London, pamodzi ndi ina yaikulu kuposa iyo, George Cross, ija inapatsidwa ku chilumba chonse cha Malta mu 1942. Apa asisi anaseka. "Ndiyetu mudzindilemekeza, inenso ndili nayo George Cross." Sananame: mu 2021 Mfumukazi inaipereka ku NHS yonse, bungwe la zipatala za boma ku Britain. Ndinawafunsa kuti anthu opitirira miliyoni agawana bwanji kachitsulo kamodzi, iwo akuti gawo lawo ndi msana umene unayamba kuwawa nthawi ya Covid.

Ineyo mendulo sindiinyoza. Dzina likalembedwa m'mabuku a boma silifufutika msanga. Chimene chinandipweteka ndili m'sitima pobwerera ndi kukumbukira Chilobwe mu March 2023, Freddy atagwetsa matope kuchokera m'phiri la Soche. Mphwanga anandiuza za anyamata amene ankakumba ndi makasu ndi manja kufuna anthu okwiririka. Ndinamuimbira usiku uno kumufunsa ngati akukumbukira dzina la mmodzi yekha. Anakhala chete kanthawi, kenako anati mmodzi ankagulitsa makala kumsika, koma anasamuka.

Mawa ndiyamba 7 koloko m'mawa, yunifolomu sindinasite.