Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chitsime cha Sadako

Gawo lapita lija ndinasiyira pomwe achimwene anga aakulu anagula DVD atalandira malipiro awo oyamba. Nde lero ndikambe za filimu yomwe inandisowetsa tulo ndili ndi zaka 14, kenako nkudzandiliza ndili mayi kale.

Tsiku limenelo achimwene anabwera ndi The Ring, ya ku America ija ya 2002 yomwe muli Naomi Watts. Anati "iwe kagone, izi si za ana" koma ine ndinakakamira mpaka anandileka, ndinakhala pansi nditatsamira mwendo wawo. Kwa inu amene simunaionere, nkhani yake ndi ya kaseti ya vidiyo, ukangoionera foni imalira, kamawu ka mtsikana nkunena kuti masiku seveni, ndipo akakwana masikuwo umafa basi. Mtolankhani Rachel anaionera, mwatsoka mwana wake Aidan naye nkuionera, nde mayi uja kuyamba kuthamangathamanga kufufuza komwe kasetiyo inachokera.

Zinandiopsa zinali zambiri. Mvula yosakata ya ku Seattle, nkhope yopindika ya mtsikana wakufa mukabati muja, hatchi ija inapenga pasitima nkudziponya mmadzi, komanso Samara, mzukwa wa mtsikana wa mukasetiyo, kutuluka mu TV madzi ali chuchuchu. Mwezi wathunthu ndinkaphimba TV yathu ndi nsalu ndisanagone.

Panadutsa zaka zambiri ndisanadziwe zoti anthu aku America anangoibwereza filimuyo, eni ake ndi aku Japan. Yoyambayo ndi Ringu ya 1998, anaikonza Hideo Nakata kuchokera mu buku la Koji Suzuki la 1991. Nthawi yomwe ndinaipeza banja langa linali litatha, ndikulera ndekha mwana wanga wamwamuna wa zaka 6, ndipo amene ankandigwira dzanja anali bambo anga. Kumuperekeza kusukulu iwo, akadwala iwo, kugona ankagona kuchipinda kwawo.

Ndinaionera pa laputopu usiku onse atagona. Poyamba ndinkaona ngati ikuchedwa, ilibe phokoso, ilibe hatchi, magazi mulibe, ngakhale foni ikalira simumveka mawu a munthu koma kaphokoso kokwekwesa mkhutu basi. Koma kudekha komweko nkomwe kunandilowa mmafupa. Samara amatiwonetsa nkhope yake, amayankhula ali kuchipatala, mpaka umayamba kumuzolowera. Sadako, mzukwa wa mu Ringu, ayi. Tsitsi limaphimba nkhope yonse filimu yonse, chomwe umaona ndi zala zopanda zikhadabo zikukwawa pansi, ndi diso limodzi lija loyang'ana pansi. Mayendedwe ake othyokathyoka aja eti anajambula mzimayi akuyenda chammbuyo kenako nkutembenuza filimuyo, nchifukwa chake thupi lako limangomva kuti apa sakuyenda munthu.

Mbiri ya atsikana awiriwa ndi yosiyananso. Samara anamuponya mchitsime ndi mayi omulera, Anna Morgan. Sadako ndi mwana wa Shizuko, mayi woona zobisika yemwe atolankhani anamunyoza pagulu kuti ndi wabodza, ndipo anamukankhira mchitsime ndi Dr Ikuma, omwe ankawatcha bambo ake. Kwa ine ya ku Japan imapweteka kwambiri chifukwa mkwiyo wa mwanayo umauona pomwe unayambira, anaona ndi maso ake amayi ake akuchititsidwa manyazi.

Sindikunyoza ya ku America yomwe anaikonza Gore Verbinski ayi, zithunzi zake nzokongola ndipo mpaka pano ndimaikonda. Koma pothera mpomwe zinasiyana kwa ine. Mafilimu onse awiri njira yopulumukira ndi imodzi, kukopera kaseti nkuonetsa munthu wina kuti imfayo ipite kwa iyeyo. Ya ku America Rachel akuthandiza Aidan kukopera, mwanayo nkufunsa kuti nanga amene timuonetseyo zimuthera bwanji, mayi osayankha, filimu nkutha, munthuyo osamudziwa kuti ndi ndani. Ya ku Japan Reiko, mayi woti banja linatha ngati ine ndemwe, yemwe ankasiya mwana wake Yoichi kwa agogo ake, akuimbira foni bambo ake omubereka kuti ali ndi pempho lokhudza Yoichi, kenako ali pagalimoto ulendo wa komweko, kutsogolo mitambo ili bii.

Ndinatseka laputopu misozi ili mbwembwembwe. Ndinadzuka nkukaima pakhomo la chipinda cha bambo, mwana wanga ali mtulo atawagwira mkono. Sindikudziwa ndinaima nthawi yaitali bwanji koma bambo anadzidzimuka nkuti "mwanawe, kwagwanji?" Ine ndinati palibe bambo, gonani. Sindinawauze kuti ndimadzifunsa ngati ndikanaimba foni ija, ndipo yankho lomwe ndinalipeza mumtima linandichititsa mantha kuposa Sadako. Chinandiliza kwambiri nchoti ndimawadziwa bambo anga, akanangoti bwera nayo kasetiyo, mwana asaope.