Khalidwe limene olemba ntchito amaliyang'ana kuposa satifiketi

Chaka chilichonse Yunivesite ya Malawi kuno ku Zomba imatulutsa achinyamata ambiri a madigiri, ndipo ena mwa iwo amafunsira ntchito m'maofesi a mumzinda muno monga ku MANEB ndi ku National Statistical Office (ofesi ya boma yoona za kalembera ndi ziwerengero). Satifiketi imathandiza kuti munthu aitanidwe ku intaviyu, koma olemba ntchito amene ndimacheza nawo amanena kuti chimene chimamusunga pa ntchito ndi khalidwe lake.

Luso limene ine ndimaliona kukhala lalikulu ndi kumvetsera. Taganizirani za agogo ochokera ku Jali amene afika pa ofesi atakulunga mapepala awo m'jumbo, osadziwa kuti ayambire khomo liti. Wogwira ntchito wabwino amayamba wawapatsa moni ndi mpando, nkuwafunsa kuti, "Agogo, tikuthandizeni chiyani?" Kenako amawafotokozera fomuyo m'Chichewa, kapena m'Chiyao ngati amachidziwa, popanda kuwachititsa manyazi chifukwa chosamva Chingerezi. Zimenezi siziphunzitsidwa m'kalasi, komatu bwana amaziona msanga.

Kusunga nthawi nakonso n'kofunika. Munthu wokhala ku Chinamwali amadziwa kale kuti m'nyengo ya dzinja minibasi zimachedwa, choncho amalawira, ndipo akaona kuti zavuta amaimbiratu foni.

Palinso kusunga chinsinsi, makamaka m'maofesi osamalira mayeso, malipiro kapena mafayilo a odwala, kumene kujambula chikalata chimodzi n'kuchitumiza pa WhatsApp kungachititse kuti munthu achotsedwe ntchito ngakhale atakhala waluso chotani pa kompyuta.