Pa chikalata cha imfa tinalemba kuti chibayo

Nyengo ya mango ino mukuidziwa, anzanga ogwira ntchito m'wodi ya mafupa. Lolemba ndi Lachiwiri zinali zikhakha zokhazokha: ana ogwa m'mitengo atathyoka pachigongono, ndi anyamata a kabaza ndi misongolo yawo. Izo tinagwira bwino, ndipo palibe mwana amene anabwerera ndi dzanja lotupa.

Chandilembetsa ndi cha Lachitatu usiku. Tinataya agogo aakazi omwe anagona pa thirakishoni, kukoka mwendo wothyoka ndi cholemera monga njerwa, kuyambira mwezi watha. Anaterereka pamatope pochokera kuchimbudzi m'mamawa, mvula yoyamba itagwa. Sanagwe kuchokera pamwamba ayi, koma mafupa a mayi amene anasiya kusamba kalekale amakhala atapepuka, sachedwa kuthyoka. Anafika mochedwa, pantchafu pali mphini zatsopano, mwendo utafupika, phazi litagonera kunja. Titajambula tinapeza kuti khosi la fupa la ntchafu lathyoka ndipo lasuntha.

Tonse tikudziwa kuti fupa lotere sililumikizana pongolikoka, chifukwa mitsempha yopititsa magazi kumutu kwa fupalo imakhala itaduka. Chofunika ndi opaleshoni, kuika Austin Moore, chitsulo cholowa m'malo mwa mutu wa fupalo, kuti munthu adzuke pabedi msanga. Ndinaimba foni kuchipatala chachikulu. Yankho lake: mndandanda ndi wautali, zitsulo zatha, ayamba kaye achinyamata. Ambulansi nayo mafuta ake akusungira amayi oyembekezera, ndipo sindingawadzudzule. Tsono tinamangirira njerwa kumapeto kwa bedi n'kuuza abale kuti adikire.

Kudikirako ndiye kunawapha. Gadiyani anali mdzukulu wawo, kamtsikana kosiya sukulu, kopanda mphamvu zowatembenuza. Usiku namwino amakhala mmodzi wodi yonse. Zilonda zinayamba kumsana ndi kuchidendene. Kenako mutu unasokonezeka, n'kumaitana anthu omwe anamwalira kale, ndipo magadiyani ena anayamba kunong'onezana za ufiti. Zimenezi zinandipweteka kwambiri, chifukwa nkhalamba yomva ululu, yosamwa madzi okwanira, yogona malo achilendo, imabwebweta ndithu. Chifuwa chitagwira, magetsi anathima, makina a okosijeni n'kuima. Mdzukulu uja anandifunsa kuti, "Adokotala, mwendo basi ungaphe munthu?"

Ungaphe. Ngakhale ku Britain, komwe bungwe lopereka malangizo a zaumoyo la NICE limalangiza kuti wothyoka chiuno achitidwe opaleshoni tsiku lomwe wagonekedwa kapena mawa lake, bungwelo linanena mu 2011 kuti pafupifupi mmodzi mwa 10 ankamwalira mwezi usanathe, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu sankamaliza chaka. Ndiye ife amene timagoneka nkhalamba chagada kwa milungu tikuyembekezera chiyani? Bungwe la WHO limati kugwa kumapha anthu pafupifupi 684,000 pachaka, oposa 80 pa 100 alionse ali m'maiko osauka ndi apakati, ndipo opitirira zaka 60 ndiwo ochuluka. Koma agogo athu sadzawerengedwa m'gulu limenelo. Pa chikalata tinalemba chibayo, ndipo akuluakulu akamaona malipoti a mwezi adzati wodi ya mafupa ilibe vuto. Amene amapita kwawo amoyo nawonso sitiwatsatira. Ambiri amakakhala pamphasa osayendanso, mlimi wa dzulo n'kusanduka wonyamulidwa.

Lachinayi linapita ndi kiliniki ndi kuchotsa zikhakha. Lachisanu anabwera nawo agogo aamuna pa njinga, kuthyoka komweko. Pa msonkhano wa m'mawa ndinanena poyera kuti awa sindiwamangirira njerwa. Ngati opaleshoni palibe, tiwapatse mofini wokwanira woletsa ululu, akhale tsonga pampando, a fizio, omwe amaphunzitsa odwala kuyendanso, awaimiritse ndi chogwirira ululu ukangochepa. Mwendo udzafupika, adzatsimphina, koma mapapo azigwira ntchito. Ndapemphanso kuti pa chikalata cha imfa iliyonse yotere tizilemba kuthyoka chiuno ngati chiyambi chake. Oyang'anira ati akambirana Lolemba.