Sabata ya b ndi d, p ndi ph

Lolemba linali loyesa ana 8 amene akudodoma powerenga, aliyense mphindi 5. Poyamba mwana amafananitsa makadi a malembo osatchula kanthu. Kenako makadi timawabisa, n'kutchula mawu awiri kuti anene ngati akumveka chimodzimodzi. Ntchito yoyamba ikuyesa maso, yachiwiri khutu. Mukaziphatikiza simungadziwe pomwe pavuta.

Atatu amawerenga "dala" pamene palembedwa "bala", koma pomvetsera amasiyanitsa bwinobwino. Maso awo ndi abwino ndithu. Ubongo unazolowera kuti mpando ukatembenuzidwa umakhalabe mpando, ndiye b ndi d umaziona ngati chinthu chimodzi, mpaka utaphunzira kuti pa malembo mbali imasintha zonse. Lachiwiri tinawapatsa b yekha: dzanja liyambe ndi mzere wotsika, kenako mimba, milomo itsekeke potchula. Lembo la d lidzabwera atazolowera la b, ndipo limayamba ndi mimba, lilime likugunda kuseri kwa mano. Kuwaphunzitsa onse awiri tsiku limodzi n'kumene kumakulitsa chisokonezo.

Lachitatu linali la khutu. Ana ena amalemba "ponya" pofuna "phonya", "kola" pofuna "khola". Amafunafuna liwu la h palokha, pomwe apa h akungosonyeza mpweya wotuluka ndi lembo loyambalo. Kapepala kopyapyala patsogolo pa milomo kamathetsa mkangano: pa "pho" kamagwedezeka, pa "po" kali phee. Vuto la "ng'oma" ndi "ngoma" ndi lina, chifukwa khutu limamva koma diso limadumpha kachizindikiro (') kotsatira ng, choncho timakadetsa ndi inki yofiira kwa masiku angapo.

Ovuta kuwagwira ndi ongolosera mawu. Amaona phatikizo loyamba, n'kusuzumira chithunzi, n'kutchula mawu molimba mtima, moti ungaganize kuti akuwerenga. Lachinayi tinaphimba zithunzi n'kuwapatsa mawu opeka 10 monga "tibo" ndi "nakhu". Mawu opanda tanthauzo sangaloseredwe. Mwana amayenera kulumikiza maliwu limodzilimodzi. Awiri anaima pa mawu achitatu.

Lachisanu aliyense anawerenga mokweza kwa mphindi imodzi, ife tikulemba mawu olakwitsidwa ndendende momwe awatchulira, osati kungochonga. Amenewo ndiwo agawe magulu a Lolemba likubwerali.