Index ndi masamba a pa disiki: zomwe ndaphunzira sabata zitatu zapitazi

Kwa nthawi yaitali ndinkagwiritsa ntchito index, chida chothandiza database kupeza mizere msanga osawerenga tebulo lonse, ngati mankhwala a mutu. Query, funso lomwe timatumiza ku database, ikachedwa, ndinkangolemba CREATE INDEX pa kolamu yomwe ili mu WHERE, n'kudikira kuti zichire. Nthawi zambiri zinkachiradi. Koma tsiku lina ndinaika index pa kolamu yosonyeza ngati oda yalipiridwa kapena ayi, database yanga ya PostgreSQL n'kuinyalanyaza, n'kumangowerenga tebulo lonse ngati kuti palibe chomwe ndachita. Zinandipsetsa mtima, kenako zinandichititsa manyazi, chifukwa ndinazindikira kuti chida chomwe ndinkachidalira tsiku ndi tsiku sindinkachidziwa m'kati mwake.

Chithunzi chomwe ndinali nacho m'mutu chinachokera m'kalasi ya ma algorithm: mtengo wa nthambi ziwiriziwiri, kiyi yaing'ono kumanzere, yaikulu kumanja. Ndinkayesa kuti index ndi mtengo womwewo, kungoti wasungidwa mu fayilo. Koma mtengo wotere umatalika. Pa mizere miliyoni imodzi mumatsika masitepe pafupifupi 20 musanafike pomwe mukufuna. Mu RAM, memori yachangu ya kompyuta, masitepe 20 si nkhani. Pa disiki yozungulira ija ndi nkhani yaikulu, poti sitepe iliyonse mutu wowerengera uyenera kusuntha, kenako kudikira kuti mbale izungulire mpaka malo oyenera. Pa liwiro lozungulira maulendo 7200 pa mphindi, kungodikira theka la kuzungulirako kumadya mamilisekondi opitirira pang'ono 4, kusunthako tisanakuwerengere n'komwe.

Chomwe chinanditsegula maso ndi ichi: database sitenga mzere umodzi pa disiki, imanyamula tsamba lathunthu. Ku PostgreSQL tsamba limodzi ndi 8 KB, ku SQL Server chimodzimodzi, InnoDB, injini yosungira deta ya MySQL, imagwiritsa ntchito 16 KB, pomwe SQLite masiku ano imayambira pa mabaiti 4096. Ngakhale mukungofuna nambala ya mabaiti 8, PostgreSQL ikubweretserani mabaiti onse 8192. Ndiye ngati ulendo uliwonse wopita ku disiki ubwera ndi tsamba lonse, bwanji osalidzaza ndi makiyi mazanamazana, kuti ulendo umodzi udule mbali yaikulu ya kusakako? Kuganiza kumeneku ndi komwe kunabala B-tree. Rudolf Bayer ndi Edward McCreight anaipanga akugwira ntchito ku Boeing, anaifotokoza koyamba mu 1970, ndipo pepala lawo linasindikizidwa mu 1972. Ma database ambiri lero amagwiritsa ntchito mtundu wake wotchedwa B+ tree, momwe zolozera ku mizere zonse zimakhala pansi penipeni, ndipo za m'mwamba ntchito yake ndi kungosonyeza njira.

Apa Chichewa chinandiseketsa. M'Chingerezi gawo la pansi la mtengowu amalitcha ndi liwu lotanthauza masamba a mtengo, ndipo chidutswa cha 8 KB chija amachitcha ndi liwu lotanthauza tsamba la buku. Kwa ife zonsezi ndi tsamba. Poyamba zinkandisokoneza polemba manotsi, koma ndinaona kuti chiyankhulo chathu sichinalakwitse: mfundo iliyonse ya mtengowu, kaya muzu, kaya nthambi, kaya tsamba la pansi, ndi tsamba limodzi la pa disiki.

Sindinafune kungokhulupirira za m'mabuku. Ndinapanga tebulo la mizere 1,000,000 yokhala ndi kiyi ya bigint (nambala ya mabaiti 8), n'kuyatsa pageinspect, chida cha PostgreSQL choonera m'kati mwa masamba. Tsamba loyamba la fayilo ya index, nambala 0, silisunga makiyi; limangonena pomwe pali muzu ndi kutalika kwa mtengo. Nditafunsa ndi bt_metap, lamulo lowerenga tsamba limeneli, yankho linali level 2, kutanthauza magawo atatu: muzu, nthambi, masamba a pansi. Atatu okha, pamalo pa 20 aja.

Masamu ake ndinawachita pa pepala. Chinthu chilichonse cholowa mu index yotere chimatenga mabaiti 16, theka mutu wake, theka kiyi yeniyeniyo, kuonjezera mabaiti 4 a kalozera wake. Onse pamodzi 20. Gawani 8192 ndi 20, mupeza pafupifupi 400. Koma PostgreSQL pomanga index imadzaza masamba a pansi mpaka 90 peresenti yokha, kusiya kampata ka zobwera m'tsogolo, choncho tsamba limanyamula makiyi pafupifupi 367. Mizere miliyoni imafuna masamba a pansi oposa 2,700, nthambi pafupifupi khumi pamwamba pake, ndi muzu umodzi. Fayilo yonse inali pafupifupi 21 MB. Muzu ndi nthambi zija n'zochepa kwambiri moti zimangokhaliratu mu RAM, ndiye kusaka kiyi imodzi nthawi zambiri kumafika pa disiki kamodzi kokha kwa tsamba la pansi.

M'kati mwa tsambalo mulinso luso lomwe sindinaliyembekezere. Kumayambiriro kuli mutu wa mabaiti 24. Pambuyo pake pamandandalika timalozera ta mabaiti 4 tija, tikukula kuchokera kutsogolo, pomwe deta yeniyeni imaunjikidwa kuchokera kumapeto kubwerera m'mbuyo. Malo opanda kanthu amakhala pakati. Kiyi yatsopano ikabwera, deta siisuntha. Timalozera tokha ndi tomwe timasendera kuti dongosolo lisasokonekere. Kumapeto kwenikweni kuli kachigawo kosunga nambala ya tsamba la kumanzere ndi la kumanja. N'chifukwa chake BETWEEN ndi ORDER BY zimayenda bwino: mukatsika kamodzi, mumangoyenda cham'mbali tsamba ndi tsamba osabwereranso ku muzu.

Funso lomwe linanditengera masiku ambiri ndi lakuti, kodi tsamba la pansi limasunga chiyani kwenikweni? Apa ma database amasiyana njira. Ku PostgreSQL mizere imakhala mu fayilo ina, yomwe amaitcha heap, yopanda dongosolo lililonse, ndipo index imangosunga adiresi: nambala ya tsamba ndi malo a mzere m'tsambalo. Adiresi imeneyi mutha kuiona nokha mukalemba SELECT ctid. Ku InnoDB tebulo lenilenilo ndi B+ tree yosanjidwa potsata primary key (kiyi yozindikiritsa mzere uliwonse), mizere yathunthu ili m'masamba a pansi. Index zina zonse sizisunga adiresi, zimasunga primary key, ndiye kusaka kudzera mwa izo kumatsika mitengo iwiri. Zotsatira zake n'zoti primary key yaitali ku InnoDB imanenepetsa index iliyonse ya tebulolo, poti imakopedwa monsemo.

Tsamba likadzaza limagawika pawiri, ndipo nthambi ya pamwamba imalandira kiyi yatsopano yolozera ku theka latsopanolo. Nthambi nayo ikadzaza imagawika, mpaka tsiku lina muzu umagawika n'kubadwa muzu wina pamwamba. Mtengowu umakulira kumuzu, n'chifukwa chake masamba onse a pansi amakhala pa kuya kofanana. Apa m'pamene ndinamvetsa mkangano womwe kale ndinkauona ngati phokoso chabe, woti kodi UUID, nambala yaitali yozindikiritsa chinthu, iyenera kukhala primary key. Makiyi okwera motsatana amagwera pa tsamba lomaliza la kumanja, lomwe lili kale mu RAM. UUID ya mtundu 4, poti imapangidwa mwachisawawa, imagwera paliponse, masamba amagawika mbali zonse n'kutsala osadzaza, ndipo index ikaposa RAM, pafupifupi INSERT iliyonse imafuna kukatenga tsamba ku disiki. UUID ya mtundu 7, yomwe inakhazikitsidwa mu RFC 9562 mu 2024, imayamba ndi nthawi, choncho makiyi atsopano amatsatana. Kwa ine, pa tebulo lomwe lidzakule, mtundu 4 sindidzauikanso ngati primary key popanda chifukwa chomveka.

Za index ya makolamu awiri sindichedwapo. Makiyi amasanjidwa potsata kolamu yoyamba, yachiwiri imangosanja omwe afanana pa yoyambayo. Mukasaka ndi yachiwiri yokha, zomwe mukufuna zimakhala zitamwazikana m'masamba onse.

Tsopano index yanga yonyalanyazidwa ija. Ma oda olipiridwa anali oposa theka la tebulo. Kudzera mu index, PostgreSQL ikanawerenga masamba a pansi, kenako n'kumakatenga mizere ku heap, komwe pafupifupi tsamba lililonse linali ndi oda yolipiridwa. Ikanawerengabe tebulo lonse, index n'kukhala katundu woonjezera. Planner, gawo la PostgreSQL losankha njira yoyendetsera query, imawerengera kulemera kwa ntchito imeneyi: mwachikhazikitso tsamba lowerengedwa motsatana amaliyesa 1, lowerengedwa modumphadumpha 4, kudzera mu seq_page_cost ndi random_page_cost. Pa SSD, pomwe palibe mutu wosuntha, ambiri amatsitsa 4 uja kufika cha m'ma 1.1, koma ngakhale nditatero yankho silinasinthe. Database inali yolondola, wolakwa ndinali ine, ndipo nthawi yonseyi INSERT iliyonse inkalipira kusamalira index yosagwira ntchito.

Ndinaichotsa, n'kupanga ina yokhala ndi WHERE, yosunga ma oda osalipiridwa okha, omwe ndi ochepa ndiponso ndi omwe pulogalamu imawasaka kawirikawiri. Nditalemba EXPLAIN, lamulo loonetsa njira yomwe database yasankha, pa query yosaka ma oda amenewo, mzere woyamba unali Index Scan, kutanthauza kuti index ikugwiritsidwa ntchito.