Foni yanu ikafika pa tebulo langa

Ndimakonza mafoni ndi malaputopu m'kashopu kakang'ono kufupi ndi Small Street, m'kati mwa tawuni ya Johannesburg. Ambiri amene amabwera kwa ine ndi akwathu: amayi ogwira ntchito m'nyumba za ku Sandton, anyamata a m'magalaja a ku Mayfair, achimwene onyamula katundu pa Park Station. Munthu akabwera ndi sikirini yosweka, ndisanafunse n'komwe wayamba kale kunditchulira PIN yake, wina mpaka kundilembera pakapepala. Ndimakana. Kusintha sikirini kapena batire sikufuna PIN. Ndikamaliza, mwiniwake atsegule yekha, tiyesere limodzi ali pomwepo. Wokonza foni akakakamira PIN pa ntchito ngati imeneyi, achemwali, mufunseni akufuna kuonamo chiyani.

M'foni ya Mmalawi wa ku Joni muli zambiri: chithunzi cha pasipoti, cha pemiti, mauthenga a ndalama zimene watumiza kumudzi pa Mukuru, nambala ya abwana, app ya banki, zithunzi za ana. Komabe chimene chimandipweteka kwambiri si akuba. Ndi mmene ifeyo timamwazira mapasipoti athu ndi manja athu.

Taonani za maliro. M'bale akatisiya kuno, timasonkha ndalama kuti thupi lipite kwawo, ndipo ndi chinthu chimene ndimanyadira nacho mtundu wathu. Koma pofufuza achibale, wina amajambula tsamba lonse la pasipoti ya malemu n'kuliponya pagulu la WhatsApp, dzina, tsiku lobadwa, nambala, zonse poyera. Gulu limodzi limatha kukhala ndi anthu 1,024, ndipo pofika madzulo chithunzicho chadutsa m'magulu a mpingo, a anthu a boma limodzi, a ogulitsa kaunjika. Kuti achibale amuzindikire, nkhope, dzina ndi mudzi n'zokwanira. Nambala ija phimbani ndi chala musanajambule. Amoyonso timachita zomwezo: uthenga wangofika kuti pali ntchito ya m'nyumba ku Midrand, tumizani pasipoti, ife tatumiza, osadziwa ngakhale nkhope ya amene walandira.

Ena amandiuza kuti, “Ine ndilibe kanthu, andibera chiyani?” Akuberani dzina. Lamulo la RICA limafuna kuti SIM iliyonse kuno ilembetsedwe ndi chiphaso cha munthu. Nanga ma SIM aja amagulitsidwa m'misewu atalembetsedwa kale, ali m'dzina la yani? Wina akaberera anthu pa nambala yolembedwa ndi pasipoti yanu, dzina limene lidzatuluke pofufuza ndi lanu. Kwa mlendo m'dziko la eni, mlandu wotere ndi wolemera.

Lamulo loteteza zinsinsi za anthu lilipo, POPIA, ndipo linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021. Limateteza aliyense amene zambiri zake zikusungidwa m'dziko muno, mlendo yemwe, ndipo kuli ofesi ya Information Regulator kumene munthu angakadandaule. Linafunikadi: mu 2020 kampani ya Experian inapereka kwa munthu wachinyengo zambiri za anthu pafupifupi 24 miliyoni. Koma lamuloli ndi la makampani ndi mabungwe. Zimene timatumizirana patokha monga abale, silizikhudza.

Tsopano GB WhatsApp, app yotengera WhatsApp imene anapanga anthu ena, osati eni ake a WhatsApp. Abale anga, chotsani chinthu chimenechi. Ndikudziwa chimakoma, umawerenga uthenga umene mnzako wafufuta, umabisa kuti uli pa intaneti. Koma sichichokera ku Play Store, amene anachipanga simukumudziwa, ndipo mwamupatsa makiyi a nyumba yonse: manambala, zithunzi, maikolofoni. WhatsApp yeniyeni imatseka manambala ogwiritsa ntchito zoterezi, ndipo ndaonapo amayi akulira pa tebulo langa chifukwa makasitomala awo onse anali pa nambala yotsekedwayo.

Apa m'pamene ndimakondera mapulogalamu a open source, amene malemba ake onse ali poyera moti wodziwa aliyense angawerenge n'kuona ngati muli chobisika. Ine sindingawerenge zonsezo, koma ndimakhulupirira chinthu chimene anthu ambirimbiri angathe kuchisanthula kuposa chimene mwini wake yekha ndiye akudziwa za m'kati mwake. App yotumizirana mauthenga ya Signal ndi yotero, ndipo njira yake yotsekera mauthenga ndi imene WhatsApp yakhala ikugwiritsa ntchito kuyambira 2016. Mu January 2021, WhatsApp italengeza zosintha malamulo ake, ambiri tinathamangira ku Signal. Sitinakhalitseko. Amayi kumudzi amagula bandulo ya WhatsApp ya TNM kapena Airtel, ndiye mulankhula nawo bwanji? Sindimuweruza munthu pa zimenezi. Ndimangopempha kuti pa WhatsApp atsegule loko wachiwiri wotchedwa two-step verification, aike manambala 6 odziwa yekha, ndipo khodi yobwera pa SMS asauze munthu, ngakhale wodzitcha m'busa.

Pa malaputopu ndiye ndilibe chikaiko. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo makina akale ambiri salola Windows 11. Anthu akuwataya kapena kuikamo Windows yakuba, imene kawirikawiri imabwera ndi mavairasi. Ine ndimaikamo Linux Mint, pulogalamu ya open source yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows. Ndi yaulere, ndipo inamangidwa pa inzake yotchedwa Ubuntu, imene Mark Shuttleworth, mwana wa ku Welkom konkuno, anaiyambitsa mu 2004. Laputopu imene inkatenga nthawi ya kapu yathunthu ya tiyi kuti iyake imadzuka msanga, mwana n'kulemba ntchito ya kusukulu pa pulogalamu yolembera ya LibreOffice, bambo ake n'kukonza CV. Pali mapulogalamu ena a Windows amene sayenda, ndipo ndimamuuziratu munthu ndisanayambe.

December ikayandikira, ambiri mumagula foni yatsopano, yakale n'kupatsira wa thiransipoti kuti akasiye kumudzi. Foniyo idutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza m'chikwama cha munthu wina, masiku angapo. Musanaipereke, sungani zithunzi zanu kwina, tulukani mu akaunti ya Google, chotsani SIM ndi memori khadi, kenako ifufuteni yonse. Ngati simukudziwa pochitira, bwerani nayo pashopu, zimenezo sindilipiritsa.